Kuchoka ku Lulworth kukafika ku Old Harry: mmene nyanja imasemera magombe a ku Dorset

Lachinayi: Stair Hole ndi Lulworth Cove

Sitima yochoka ku London Waterloo kupita ku Weymouth imaima pa siteshoni ya Wool, ndipo kuchoka pamenepo kufika kumudzi wa West Lulworth ndi makilomita pafupifupi 8. Mabasi amachuluka m'chilimwe, m'miyezi yozizira amachepa kwambiri, choncho onani ndandanda yake musananyamuke. Dera lonseli, la Dorset kumwera kwa England, lili m'gombe lotchedwa Jurassic Coast, lotalika makilomita pafupifupi 154 kuchokera ku Exmouth mpaka ku Studland, limene UNESCO inaliika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2001 chifukwa cha miyala yake.

Anthu ambiri akatsika galimoto amathamangira kumadzi. Ife tayamba takhotera kumanja, kukwera kanjira ka mphindi zochepa kopita ku Stair Hole, chifukwa amene waona dzenje limeneli savutikanso kumvetsa Lulworth.

Miyala ya kuno inayalana m'mizere, wina pamwamba pa unzake, pansi pa nyanja ndi m'madambo akalekale. Zaka pafupifupi 30 miliyoni zapitazo, pamene Africa inkakankhana ndi Ulaya n'kutukula mapiri a Alps, kukankhanako kunafika mpaka kuno ndipo mizere ija inapendekeka. Lero yaima ngati mabuku otsamirana pa shelefu, motsatira gombe. Kuyambira kunyanja kupita kumtunda, woyamba ndi mwala wa laimu wa Portland, wolimba zedi, womwe uja anamangira tchalitchi cha St Paul's ku London. Kumbuyo kwake kuli mizere yopyapyala ya Purbeck, laimu wosinthana ndi dongo louma. Kenaka pamabwera dongo ndi mchenga wa Wealden, wofewa moti mvula yokha imaugumula, ndiye kamzere ka Greensand, ndipo kumapeto kuli phiri la choko. Mwala wa Portland uli ndi zaka pafupifupi 150 miliyoni, pamene chokocho sichinafike 100 miliyoni.

Ku Stair Hole nyanja yangoboola kumene khoma la Portland. Inapeza ming'alu, n'kumaikulitsa. Funde likamenya thanthwe limapanikiza mpweya womwe uli m'mng'alu, ndipo likabwerera mpweyawo umatuluka mwamphamvu n'kuthothola tizidutswa. Pamwamba pa izo, funde limanyamula nsangalabwi n'kumagenda nazo tsinde la thanthwe. Mng'alu umasanduka phanga, phanga limaboweka mbali ina, madzi n'kufika pa dongo la kumbuyo. Mukaima pamalo oonerera muona makomo amene madzi akulowera pansi pa thanthwe, thovu likutuluka mkati, ndipo mbali ya kumtunda dongo lachikasu ndi lofiirira likutsetserekera m'dzenjemo. Khoma la kum'mawa lili ndi mizere ya Purbeck yopindikapindika, yotchedwa Lulworth Crumple. Kutsikira m'dzenjemo sitikulimbikitsa, makamaka ikagwa mvula, chifukwa dongolo limaterera ndipo limameza nsapato.

Madzulo tatsikira ku Lulworth Cove kwenikweniko. Pano chinayamba kuboola khoma ndi mtsinje. Kumapeto kwa nyengo ya madzi oundana, zaka pafupifupi 10,000 zapitazo, madzi osungunuka ankatsika m'chigwa ndi mphamvu, nadula mpata m'mwala wa Portland. Nyanja itakwera inalowera pampata womwewo. Kamtsinje komwe kakutsika lero m'mudzimu kupita kugombe n'kakang'ono kwambiri poyerekeza ndi mtsinje umene unagwira ntchitoyo.

Nanga n'chifukwa chiyani gombeli lili lozungulira chonchi? Mafunde akadutsa pakhomo lopapatiza sapitirira molunjika, amamwazikira mbali zonse mokhota. Kukakhala mafunde, kwerani pamwamba muone: mizere ya mafunde imatuluka pakhomo itapindika, n'kukafika pagombe lonse pafupifupi nthawi imodzi. Dongo la Wealden linachoka msanga, madzi nafika pa choko. Choko n'chofewa kuposa Portland koma n'cholimba kuposa dongo, komanso phiri lake ndi lalitali, ndiye kukokoloka kolowera kumtunda kunachepa liwiro. Kumene nyanja ikudyabe mosavuta ndi m'mbali, kum'mawa ndi kumadzulo, kumene dongo likupitirira.

Kumwazika komweko ndi kumene kumakopa alendo. Mphamvu ya funde limodzi lolowa pakhomo imagawika pagombe lalitali kangapo kuposa khomolo, choncho mkati madzi amakhala odekha ngakhale kunja kukuwinduka. Mabwato amakocheza, ana amasewera m'mphepete, opalasa timabwato amaphunzirira pomwepo. Anthu pafupifupi theka la miliyoni amafika kuno pachaka, ambiri mu Julayi ndi Ogasiti, ndiye wofuna kuona malowa mwabata afike m'mamawa.

Lachisanu: Durdle Door

Njira yochoka ku Lulworth imakwera phiri la Hambury Tout. Ndi makilomita 2 okha koma chitunda chake n'chowawa, ndipo choko chikanyowa chimaterera. Valani nsapato zogwira pansi, osati zapagombe. Potsikira kumadzi pali masitepe ambiri, ndipo pobwerera ndi pomwe anthu amazindikira kuti ananyamula katundu wochuluka.

Miyala ndi yomwe ija ya dzulo, koma kuno inapanikizidwa kwambiri, yaima pafupifupi chilili, ndipo mzere wa dongo ndi wopyapyala. Khoma la Portland linagumuka pafupifupi lonse. Chatsala ndi chidutswa chimodzi chachikulu chomwe chili ndi chipata chotchuka chimene nyanja inaboola m'thanthwe, Durdle Door yeniyeniyo, cholumikizidwa kumtunda ndi kamtunda kopapatiza ka Purbeck ndi Wealden. Mukaima pakamtundako muli ndi gombe mbali zonse ziwiri: kumadzulo la Durdle Door, kum'mawa la Man O' War. Yang'anani panyanja kumadzulo muona timiyala tikusuzumira pamadzi motsatana mumzere umodzi, The Bull, The Blind Cow, The Cow ndi The Calf. Mzere umenewo ndi pomwe panali khoma. Zikuoneka kuti kale kuno kunali magombe olowa mkati ofanana ndi Lulworth, amene anakula m'mbali mpaka kukumana, khoma la kutsogolo n'kutha. Stair Hole ndi Lulworth nazonso zikulowera komweko.

Ku Man O' War chotsalira cha khomalo chikadali chotalikirapo, ndipo chimaswa mafunde asanafike pagombe. N'chifukwa chake madzi ake amakhala odekha kuposa a mbali inayo. Ku Durdle Door gombe ndi la nsangalabwi ndipo limatsetsereka mwadzidzidzi: mapazi awiri atatu madzi ali m'mawondo, lotsatira simukugundanso pansi. Funde likamabwerera limakoka nsangalabwi pansi pa mapazi anu. Madzi a kuno ngakhale pakati pa chilimwe sapitirira kwenikweni madigiri 17 kapena 18, ndipo kumayambiriro kwa chilimwe amakhala pansi pa 15. Kudumphira mwadzidzidzi m'madzi otero kumachititsa munthu kukoka mpweya mosafuna, ndiye ngati mutu uli pansi amakoka madzi. Lowani pang'onopang'ono, dikirani mpweya ukhazikike, kenaka muzisambira. Musayembekezere kuti pali opulumutsa anthu pagombe. Pakachitika ngozi imbani 999 n'kupempha a Coastguard, opulumutsa anthu panyanja, koma dziwani kuti pansi pa maphompho netiweki imavuta.

Za kudumpha kuchokera pamwamba pa chipatacho tinene mosabisa: anthu avulalapo koopsa. Mu Meyi 2020 ndege za helikopita zinachita kutera pagombe pomwepo kudzatenga ovulala.

Choopsa china chili kumbuyo kwanu mukakhala pagombe. Dzuwa likatentha aliyense amafuna mthunzi wa m'tsinde mwa phompho, pomwe ndi pamene miyala imagwera. Mu Epulo 2013 chigawo chachikulu cha phompho la choko chinagumuka ku St Oswald's Bay, pakati pa Lulworth ndi Durdle Door, n'kupita ndi njira ya oyenda pansi. Zizindikiro zake sizivuta kuwerenga. Mulu wa miyala yoyera mbee, ya m'mbali mwakuthwa, yopanda ndere, ndiye kuti yagwa posachedwa ndipo ina ikubwera. Madzi akamatuluka pakati pa phompho, kapena pamwamba pakakhala mng'alu m'udzu motsatira m'mphepete, malowo ayamba kale kulekana. Lamulo losavuta ndi lakuti mutalikirane ndi tsinde la phompho mtunda wofanana ndi kutalika kwake. Pagombe lopapatiza zimenezi sizitheka madzi akadzaza, ndiye nthawi yabwino yokhalapo ndi pamene akuphwa.

Nyanja si imene imagwetsa yokha. Iyo imadya m'munsi, koma mvula ndi imene imamaliza. Madzi amalowa m'choko ndi mumchenga, akafika pa dongo amaima, ndipo dongolo limasanduka poterera pomwe zonse za pamwamba zimatsetserekera. M'nyengo yozizira madzi a m'ming'alu akaundana amafufuma n'kukankha mwala. Ichi n'chifukwa chake kugumuka kwambiri kumatsatira mvula yamphamvu, nthawi zina patapita masiku, dzuwa likuwala bwinobwino.

Pobwerera, m'udzu wautali wa m'mapiri a chokowa mumapezeka kagulugufe kakang'ono kofiirira kotchedwa Lulworth skipper, kamene kanadziwika koyamba kufupi ndi Durdle Door mu 1832. Ku Britain kamapezeka m'dera lino basi.

Loweruka: Fossil Forest, Mupe ndi Worbarrow

Ulendo wa kum'mawa tauika Loweruka mwadala. Kuyambira kuseri kwa Lulworth Cove mpaka kufupi ndi Kimmeridge ndi malo a asilikali ophunzirirapo kuwombera, Lulworth Ranges. Zipata zake zimatsegulidwa Loweruka ndi Lamlungu ambiri ndi nthawi zina za tchuthi, koma osati onse, ndiye onani masiku ake pa intaneti. Mkati yendani pakati pa zipilala zachikasu zokha, ndipo chitsulo chilichonse chimene mungaone pansi chisiyeni pomwepo.

Kuti mufike mbali ya kum'mawa mutha kuzungulira pagombe la Lulworth, koma madzi akadzaza kwambiri amafika m'tsinde mwa choko n'kutseka njira. Apa ndi pofunika kudziwa kawerengedwe kake. Nyanja imadzaza kawiri ndi kuphwa kawiri patsiku, kudzaza kumodzi ndi kunzake kumatalikirana maola 12 ndi mphindi 25, ndipo tsiku lililonse nthawi imachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangobadwa, madzi amadzaza kwambiri ndi kuphwa kwambiri. Kuno ku Lulworth kusiyana kwake n'kochepa, mamita 2 kapena kupitirira pang'ono, koma pagombe lopapatiza mita imodzi ndi yokwanira kukutsekerani. Nyamukani madzi akuphwa, osati akubwera.

Fossil Forest ili pakashelefu ka thanthwe pamwamba pa nyanja. Musayembekezere mitengo yoimirira. Chomwe muona ndi mphete zikuluzikulu za mwala zokhala ndi dzenje pakati. Zaka pafupifupi 145 miliyoni zapitazo panali nkhalango, madzi amchere anaimiza, ndere zinamera mozungulira zitsa n'kuunjika laimu, mitengo inawola n'kusiya maenjewo. Mphete zina n'zazitali, pomwe thunthu linagwa chogona.

Kuchoka apo njira imafika ku Mupe Bay, kumene khoma la Portland ndi Purbeck laduka n'kusanduka timiyala ta Mupe Rocks, kenaka imakwera ndi kutsika maphompho a choko otsetsereka moopsa. Gawo limeneli ndi lolemetsa kuposa ena onse a ulendowu. Nyamulani madzi okwanira chifukwa palibe pogula kanthu. Pakati pali Arish Mell, pomwe nyanja yadutsa dongo lonse n'kuyamba kulowa m'choko chenichenicho kudzera m'chigwa. Gombe lake n'loletsedwa, mumangoliona muli m'njira. Pamwamba pa chitunda chotsatira pali Flower's Barrow, linga la anthu a zaka zoposa 2,000 zapitazo. Mbali yake ya kumwera inagwera kale m'nyanja, ndipo mizere ya lingalo imangothera m'malere pamphepete.

Kuchokera pamenepo Worbarrow Bay imaoneka yonse. Kuno mzere wa Wealden ndi wokhuthala kwambiri kuposa ku Lulworth, ndipo maphompho ake ali ndi mitundu: chikasu, kufiira, kutuwa, malinga ndi chitsulo chomwe chili m'dongomo. Khoma la kutsogolo linapita, kwatsala Mupe Rocks kumadzulo ndi kaphiri kosongoka ka Worbarrow Tout kum'mawa, motalikirana makilomita oposa 2. Popanda khomo lopapatiza, mafunde a mphepo ya kumwera chakumadzulo, amene ayenda ulendo wautali kuchokera ku Atlantic, amafika pagombe ndi mphamvu zawo zonse. Amene anasangalala ndi bata la Lulworth aone kuno kuti adziwe kuti batalo limachokera pa khoma lija.

Mtunda wa kilomita imodzi ndi theka kulowa m'chigwa kuli mudzi wa Tyneham, umene anthu ake anasamutsidwa mu Disembala 1943 kuti asilikali aziphunzirirapo, ndipo sanabwererenso. Tchalitchi ndi sukulu zikusamalidwa, nyumba zambiri zatsala makoma. Pali poimika magalimoto, choncho amene sangathe zitunda zija angafike ku Worbarrow kudzera kuno.

Lamlungu: Kimmeridge

Kuno miyala yasintha. Maphompho ndi akuda, a dongo louma lotchedwa Kimmeridge Clay, lakale kuposa Portland. Pakati pa dongolo pali timizere topyapyala ta mwala wolimba. Nyanja imachotsa dongo n'kusiya timizereto titayalika pansi, kulowa m'nyanja kutali. Madzi akaphwa mutha kuyendapo, ndipo m'maenje ake mumatsalira nkhanu, tinsomba ndi ndere zamitundumitundu. Kuphwa kwa kuno kumakhalitsa, chifukwa madzi amatsika, n'kukwera pang'ono, n'kutsikanso. Mathanthwe athyathyathyawa amaswanso mafunde kutali, ndiye mkati mwa gombe madzi ndi osaya, abwino kwa osambira ndi magalasi oonera pansi. A bungwe losamalira zachilengedwe la Dorset Wildlife Trust ali ndi kanyumba kophunzitsira alendo pafupi ndi pokwezera mabwato. Ndere zobiriwira pathanthwe lonyowa zimaterera kuposa china chilichonse pagombeli, pondani pouma kapena pa tizigoba.

Dongoli lili ndi mafuta. Pamwamba pa phompho pali pampu imene yakhala ikukoka mafuta kwa zaka zoposa 60. Lilinso ndi zotsalira zambiri za zamoyo zakale, ndipo zigoba zozungulira za ammonite mumaziona zitaphwatalala pathanthwe pomwe mukuponda. Kuswa miyala ndi hamala n'koletsedwa kuno, komanso zigobazo zimangofumbutuka mukayesa kuzichotsa. Zabwino zake zili m'mudzi, ku The Etches Collection, nyumba yomwe inatsegulidwa mu 2016 yosungira zimene Steve Etches anatola kwa zaka zambiri.

Pamwamba pa Hen Cliff pali nsanja ya Clavell Tower, yomangidwa mu 1830. Phompho linadyeka mpaka nsanjayo inatsala pang'ono kugwa. Pakati pa 2006 ndi 2008 a bungwe losamalira nyumba zakale la Landmark Trust anaiphwasula mwala umodziumodzi, kulemba nambala pa uliwonse, n'kuimanganso mamita 25 kumtunda. Maziko akale akuonekabe pamphepete. Ife tikuona kuti anachita bwino kusuntha nsanja m'malo momanga khoma la simenti m'munsi, chifukwa gombeli linalembedwa ndi UNESCO kaamba ka miyala yoonekera, ndipo imaonekera chifukwa ikugumuka. Mukaitchinga, m'zaka zochepa udzu umaphimba zonse.

Lolemba: Chapman's Pool

Kagombe aka n'kozungulira pang'ono, kali m'dongo lomwe lija la Kimmeridge, pomwe timitsinje ta m'zigwa tinafewetsa malo nyanja n'kulowerapo. Pamwamba pa zitunda za Houns-tout ndi Emmetts Hill pali chipewa cha mwala wa Portland, ndipo dongo la pansi likatsetsereka zidutswa za mwalawo zimagubudukira kugombe. Galimoto imatsala ku Renscombe, pafupi ndi Worth Matravers. Kutsika kwake n'kwamatope, kulibe chimbudzi, kulibe sitolo, ndipo n'chifukwa chake kulibe chipwirikiti. Ikagwa mvula usiku, ingoyang'anirani pamwamba n'kupitirira ku St Aldhelm's Head, kumene kuli kachisi wakale wamwala ndipo pansi pake madzi amathamanga mochititsa mantha nyanja ikamasintha.

Lachiwiri: Swanage ndi Old Harry

Gombe likakhota kuloza kumpoto, mizere yomwe ija nyanja imaipeza mwamtundu wina. Ku Lulworth inali yogona motsatira gombe, umodzi kutchinga unzake. Kuno yaloza kunyanja, uliwonse ukukumana ndi mafunde pawokha. Zotsatira zake mumaziona pa mapu musanafike n'komwe: laimu watsala ngati mitu ya Durlston Head ndi Peveril Point, dongo la Wealden ladyeka n'kukhala Swanage Bay, choko chatuluka ku Ballard Point ndi Handfast Point, ndipo mchenga ndi dongo la kumpoto zapanga Studland Bay. Magombe otere amakhala otseguka kukamwa, osati a khomo lopapatiza. Amatetezeka chifukwa apereka msana ku mphepo ya kumwera chakumadzulo, koma ikawomba ya kum'mawa alibe pobisala.

Mafunde akamayandikira mutu wa thanthwe amachedwa pamalo osaya n'kukhotera kumutuko, ndiye mphamvu imaunjikana pamenepo n'kuchepa mkati mwa gombe. Mitu imasweka, mchenga umakakhala mkati. Ku Swanage mchengawo umayenda cham'mbali kuloza kumpoto chifukwa mafunde amafika mopendekera, ndipo mipanda ya matabwa yomwe yalowa m'madzi ndi youletsa kuthawa. Yang'anani mpanda umodzi: mbali ina mchenga wakwera, mbali inayo watsika.

Ku Old Harry, zipilala za choko zoima m'nyanja ku Handfast Point, tachokera ku Studland, njira yosalala yosakwana makilomita 2. Pamutu wa chokopo zonse zili pamodzi: ming'alu, mapanga m'munsi, zipata zomwe zabowoka, zipilala zoima pazokha, ndi zitsa zomwe zimangooneka madzi akaphwa. Denga la chipata likagwa ndiye pamatsala chipilala, ndipo chipilala chikadyeka m'tsinde chimagwa n'kutsala chitsa. Chipilala chomwe ankachitcha mkazi wa Old Harry chinagwa mu 1896. Kukayera kumwamba, kum'mawa mumaona The Needles pachilumba cha Isle of Wight, choko cha mzere womwewu umene nyanja inaudula pakati.

Pamphepete palibe mpanda. Udzu umafika mpaka pamapeto, koma pansi pake nthawi zambiri pamakhala podyeka kale, moti amene waima pamphepete penipeni kuti ajambule chithunzi waima pa dothi lolendewera. Khalani mamita angapo kumbuyo, agalu akhale pa chingwe, ana agwireni dzanja. Mapanga ndi zipata zimaoneka bwino muli pamadzi, ndipo m'chilimwe mabwato onyamula alendo amachoka ku Swanage ndi ku Poole kudzazungulira pamenepa. Opalasa okha timabwato apite ndi wodziwa malowa, chifukwa pamutupo madzi amakoka mwamphamvu nyanja ikamadzaza kapena kuphwa.

Kuchoka ku Studland njira imatsata mchenga mpaka ku South Haven Point, pomwe pamathera South West Coast Path, njira ya makilomita 1,014 yochokera ku Minehead. Pamenepo pali pantoni yokokedwa ndi matcheni yowolotsa anthu, magalimoto ndi basi kupita ku Sandbanks, ndipo basi yomweyo imakafika ku Bournemouth, kumene kuli sitima za ku London.